Phunziro la Mwezi Uno: Mkazi Wangwiro ndi Mwana wa Dothi

Kuwerenga: Miyambo 31:10-31; Rute 2:1-12 ndi 3:10-11

Chiyambi

Amayi anzanga mwa Ambuye, ambiri a ife tidakulira pa nthano. Madzulo tikatha kudya, agogo ankatifotokozera za mtsikana waulemu amene adatsuka zilonda za nkhalamba nalandira madalitso, ndi mnzake wamwano amene adabwerako chimanjamanja. Ena tidawerenga kusukulu buku la J.W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe. Ambuye Yesu nawonso ankaphunzitsa ndi mafanizo, monga la Msamariya wachifundo pa Luka 10. Anthu a m'nthano ndi m'mafanizo ndi opeka, koma amatisonyeza khalidwe loyenera kulitsata. Funso la lero ndi ili: kodi chitsanzo chabwino chingasanduke mkwapulo?

Nkhani ya kwa Champiti

Titasonkhana kwa Champiti, mayi wina wachitsikana wa ana atatu adadandaula kuti nsima ikachedwa, bambo a kunyumba kwake amamuwerengera Miyambo 31 namufunsa chifukwa chake iye safanana ndi mkazi wa m'menemo. Chonsecho mayiyu amadzuka tambala woyamba, amatunga madzi, amapita kudimba, nkukagulitsa tomato kumsika, mwana ali kumbuyo. Iye adati wayamba kuopa kutsegula Baibulo. Mawu a Mulungu akafika poopsa munthu wolema chotere, ndiye kuti sitinawawerenge bwino.

Kodi mkazi wa pa Miyambo 31 ndi ndani?

Choyamba, mkaziyu alibe dzina, alibe mudzi. Ndimezi ndi ndakatulo. M'Chihebri muli zilembo 22, ndipo kuyambira ndime 10 mpaka 31 pali ndime 22, iliyonse yoyamba ndi chilembo chake motsatana. Wolemba adasonkhanitsa ntchito zabwino za amayi ambiri, nazipereka kwa mkazi mmodzi. Si ndandanda ya ntchito za tsiku limodzi ayi.

Chachiwiri, mkaziyu ndi wa banja lachuma. Ali ndi adzakazi omuthandiza, ali ndi ndalama zogulira munda, amachita malonda ndi amalonda akuluakulu. Wofuna kuti mkazi wake achite zonsezi yekha, ayambe wawerenga za adzakaziwo.

Chachitatu, onani mathero ake. Amene akupatsidwa ntchito kumapeto ndi mwamuna ndi ana: amtame mayiyo, ndipo alandire zipatso za ntchito yake. Mpaka lero m'mabanja ambiri a Ayuda, ndimezi zimaimbidwa Lachisanu madzulo pothokoza mayi wa pakhomo. Choncho iyi ndi nyimbo yoyamika, osati chigamulo cha pabwalo.

Kamdothi

Tonse tikuidziwa nthano ya Kamdothi. Mayi wosowa mwana adaumba mwana wa dothi, wokongola ndi womvera, koma mwanayo sankayenera kunyowa. Tsiku lina mvula idampeza ali kutali, ndipo adasungunuka. Nafenso timaumba. Mwamuna amaumba mumtima mwake mkazi wosatopa, wosadwala, wosayankha. Mtsikana amaumba mwamuna wa m'mafilimu, wandalama ndi wosakwiya. Apongozi amaumba mtengwa wopanda chilema. Koma ikagwa mvula ya matenda, njala kapena ngongole, munthu woumbayo amasungunuka, nkutsala munthu weniweni amene tidalonjeza pa guwa kukhala naye pa mtendere ndi pa mavuto.

Rute, mkazi wa thupi ndi magazi

Mawu a Chihebri amene akutamanda mkazi pa Miyambo 31:10 ndi omwewo amene Boazi adanena kwa Rute pa Rute 3:11. Nanga Rute anali ndi chiyani nthawi imeneyo? Anali wamasiye, mlendo wochokera ku Moabu, wopanda mwana, wopanda munda, wokunkha m'minda ya eni. Analibe adzakazi kapena zovala za mtengo wapatali. Chimene anali nacho ndi kukhulupirika kwa apongozi ake Naomi, manja olimbikira, ndi mtima wodalira Mulungu. Pamenepa tikuona kuti ungwiro umene Baibulo likunena suyezedwa ndi katundu wa m'nyumba. Mayi wamasiye, mayi wosabereka, mayi amene banja lidatha, onsewa akhoza kutchedwa ndi dzina lomwelo.

Tikumbukenso Mayi Mary Sumner, amene adayambitsa Mothers' Union ku Old Alresford ku England m'chaka cha 1876. Pa msonkhano woyamba adagwidwa ndi mantha, mwakuti amuna awo ndiwo adayankhula m'malo mwawo. Sabata yotsatira adalimba mtima nayankhula okha. Bungwe lathu lidayamba ndi mayi wamantha amene sadataye mtima.

Zoti tichite

1. Polangiza atsikana ndi akwatibwi, tiwapatse chitsanzo chabwino, koma tiwauzenso zoona: kutopa kuliko, kulakwa kuliko, ndipo chikhululukiro chiliko.

2. Alangizi asamalize ndi mkazi yekha. Mkwati naye amve ndime 28 mpaka 31, kuti adziwe udindo wake woyamika ndi kuthandiza. Mutu umodzi susenza denga.

3. Tisanyoze mnzathu chifukwa pakhomo pake sipafanana ndi pathu. Tikamuona walema, timuyendere ndi khasu kapena ndowa ya madzi.

4. Ngati mayi akumenyedwa kapena kuzunzidwa, tisamuuze kuti mkazi wangwiro amangopirira. Tipite naye kwa ankhoswe ndi kwa abambo ansembe, ndipo ngati moyo uli pangozi, kupolisi.

Mafunso okambirana

1. Ndi nthano iti imene idakuphunzitsani khalidwe muli mwana?

2. Kodi pali Kamdothi amene mwaumba mumtima mwanu, amene mukumuyerekeza ndi amuna anu, ana anu kapena mtengwa wanu?

3. Mukadakhala pa msonkhano wa kwa Champiti, mukadamuyankha chiyani mayi uja? Nanga amuna ake mukadawafikira bwanji?

Pemphero

Mulungu Atate, mudatiumba ndi dothi ndipo mukudziwa kufooka kwathu. Tipatseni mtima wa Rute, wokhulupirika pa zochepa. Tiphunzitseni kuyamika anzathu monga ali, ndi kuwerenga mawu anu mowalimbikitsa olema. Dalitsani mabanja a mu dayosizi yathu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.