Musanawoloke Songwe: pepala liti, chidindo chiti, masiku angati

Kwa munthu wa ku Kaseye m'boma la Chitipa, malire a dziko ndi malo amene amapitako kukagula mchere. Kumpoto kuli mtsinje wa Songwe, ndipo tsidya lake ndi boma la Ileje ku Tanzania. Mbali inayi, msewu wochoka pa boma la Chitipa kudzera ku Kanyala umakulowetsani mu Zambia, kulunjika ku Nakonde ndi Tunduma. Chilambya, Chindali ndi Chinyiha zimamveka mbali zonse ziwiri za Songwe, pakuti mzere umene Angerezi ndi Ajeremani adagwirizana mu 1890 udadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi. N'chifukwa chake mawu akuti "ife Amalawi sitifunika viza" amanenedwa kwambiri kuno, ndipo ndi oona: Mmalawi wopita kokacheza ku Tanzania, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa sapempha viza. Koma mawuwa ndiwo agwetsa ambiri m'mavuto, chifukwa amamveka ngati akuti palibe chimene chimafunika. Chimene chimateteza munthu m'dziko la eni ndi chidindo cha pachipata, chosonyeza tsiku limene walowa ndi masiku amene wapatsidwa. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodziyi.

Yambani muli kunyumba, podziyankha mafunso atatu: ndikufika pati, ndikakhala masiku angati, ndikukatani. Mayankho ake ndiwo amasankha pepala. Wopita kumaliro kapena kumsika ku Isongole, tsidya la Tanzania, wobwerako lero kapena mkuja, angathe kuyenda ndi chiphaso cha pamalire, chija ambiri amati bodapasi. Amachipereka a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko pachipata pomwepo, monga pa Mbilima, munthu akaonetsa chitupa cha unzika, chija boma lidayamba kulembera anthu onse mu 2017. Chitupa cha unzika pachokha sichiwolotsa munthu. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti ndinu yani kuti akulembereni bodapasiyo. Ndipo bodapasi ili ndi malire ake awiri, a masiku ndi a mtunda. Idapangidwira anthu a m'mphepete mwa malire oyenda maulendo afupiafupi, kotero musanachoke pawindo funsani ofisala kuti ikutha liti ndipo ikukufikitsani mpaka pati. Safunsa adadya phula. Cholakwika chofala ndi cha munthu amene wawoloka ndi bodapasi, wafika pa Isongole, waona basi ya ku Mbeya kapena ya ku Dar es Salaam n'kukwera. Pepala limene linali lokwanira pamsika wa m'mbali mwa mtsinje limasanduka lopanda pake pa lodibuloko ya apolisi m'kati mwa dziko.

Ngati ulendo ndi wa ku Dar es Salaam, Lusaka kapena ku Joni, palibe kuchitira mwina, pafunika pasipoti. Apa ndi pamene anthu a ku Chitipa ali ndi dandaulo lomveka. Ofesi yaikulu ya mapasipoti m'chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu, ndipo kuchoka pa Chitipa kutsikira ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena opitirira 200 kukafika ku Mzuzu. Onjezani pogona ndi chakudya, mupeza kuti ulendowo ungadye ndalama zofanana ndi mtengo wa pasipotiyo, umene mu 2024 boma lidautsitsa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Chaka chomwecho makina osindikizira mapasipoti adaima kwa masabata angapo, anthu n'kumagona pa mizere. Zonsezi n'zoona. Komabe pasipoti ya munthu wamkulu imagwira ntchito zaka 10, ndiye mtengo wake muugawe pa maulendo onse a zakazo, osati pa ulendo umodzi. Phunziro la 2024 nalonso likuloza kumodzi: itengeni pasipoti mulibe changu, musanamve za mwayi wa ntchito kapena za matenda a m'bale ku Johannesburg. Wachangu ndiye chakudya cha madobadoba, anyamata aja oyendayenda kunja kwa maofesi amene amalonjeza kukufulumizitsirani zinthu. Pitani nokha, popeza chithunzi ndi zidindo za zala amajambula za mwiniwake. Lipirani pamalo ovomerezeka, sungani lisiti, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi ndi za pa chitupa cha unzika. Chilembo chimodzi chikasiyana, mudzavutika nacho zaka zonsezo.

Amene muli nayo kale, itsegulani sabata zingapo ulendo usanafike. Tanzania ndi Zambia amafuna kuti ikhale idakali ndi miyezi 6 isanathe, komanso masamba opanda kanthu oti adindepo. Mwana amafunika pepala lakelake, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, tengani setifiketi yake ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya makolo. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la 2015 lidapangitsa kuti munthu woyenda ndi mwana wopanda mapepala azifunsidwa mafunso ovuta, ndipo m'pake.

Tsopano pachipata penipeni. Zidindo ndi ziwiri: chotulukira ku Malawi ndi cholowera kwa eni ake. Pa Mbilima mukadinditsa, mukadinditsenso pa Isongole; pa Songwe ku Karonga, mnzake ndi Kasumulu. Anthu ena amadinditsa mbali yathu yokha, kenako wa njinga yamoto n'kuwadutsitsa ofesi ya tsidya lija ali pa liwiro, ndipo m'mabuku a ku Tanzania munthuyo sadalowe konse. Kumbukiraninso kuti wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye madzulo ofesi yawo ingatsekedwe inu mukuyesa nthawi ikadalipo. Ya ku Zambia ndi imodzi ndi yathu. Pasipoti perekani m'manja mwa ofisala inu nomwe, osati kudzera mwa kondakitala kapena wosintha ndalama. Akafunsa chimene mukukachita, nenani choona mwachidule, ndipo khalani ndi dzina la malo amene mukafikire ndi nambala ya foni ya kumeneko. Akakubwezerani, musayiponye m'chikwama msanga. Werengani chidindocho mudakali pawindo: tsiku ndi lolondola kodi, ndipo alemba masiku angati? Lamulo limalola Mmalawi kucheza ku Tanzania mpaka masiku 90, ku Zambia masiku 90 pa chaka, ku South Africa masiku 30, koma ofisala angathe kulemba ochepa, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi chimene walembacho. Wina akafuna ndalama, pemphani lisiti la boma. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo ngakhale itakuwolotsani lero, sidzakuyankhirani pamene ofisala wina adzatsegula pasipotiyo mwezi wamawa.

Pali otsutsa amene amati zonsezi ndi za anthu a m'tauni. Makolo athu ankawoloka Songwe popanda pepala, tsidya lija kuli amalume ndi apongozi, ndipo njira zachidule, zija Aswahili amati njira za panya, aliyense amazidziwa; n'kuzungulira bwanji mpaka ku Mbilima? Sindikana kuti ambiri amawoloka motero tsiku ndi tsiku n'kubwerako bwinobwino. Koma taonani nthawi imene pepala limafunika. Silifunika zinthu zikamayenda bwino. Limafunika njinga yamoto ikagunda munthu, katundu akabedwa, wolemba ntchito akakana kulipira, kapena m'bale akamwalira ndipo maliro ayenera kubwera kumudzi. Pamenepo wolowa mozemba amaopa kupita kupolisi, chifukwa akangotsegula pakamwa wodandaula uja amasanduka woimbidwa mlandu. Chibale sichimuthandizanso, pakuti amalume amene amusunga nawonso angafunsidwe za kusunga mlendo wopanda chilolezo. Ndipo nyengo imasintha mwadzidzidzi: mu 2013 boma la Jakaya Kikwete litalamula kuti olowa popanda chilolezo achoke, Amalawi ambiri amene adakhala ku Tanzania kwa zaka adabwerera kudzera pa Songwe atasiya katundu wawo. Chinanso, njira zachidule zija si za anthu a m'mudzi okha masiku ano. Ozembetsa anthu ochokera ku Ethiopia kupita ku South Africa amadutsa momwemo, ndipo chipezekereni mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, achitetezo sayang'ana mwachibwana munthu wopezeka m'tchire la m'malire usiku.

Mukalowa, werengani masiku ndi kulemba tsiku lomaliza penapake poonekera. Mukaona kuti simumaliza zimene mwadzera, pitani ku ofesi ya olowa ndi kutuluka, imene ku Tanzania amati Uhamiaji, masiku asanathe, kapena tulukani. Ku South Africa chilango chake chidalembedwa momveka kuyambira 2014: wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5, ndipo wogwidwa m'kati angatsekeredwe ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa. Matransipota ena amatenga mapasipoti a anthu amene ali ku Joni n'kukawadinditsa pa Beitbridge eni ake atatsala. Chidindo chotere n'chachinyengo, ndipo mlandu wake umagwera mwini pasipoti. Dziwaninso kuti masiku a kucheza si chilolezo cha ntchito. Ganyu ya m'nyumba ku Dar es Salaam kapena ya m'munda ku Cape Town imafuna chilolezo chapadera, ndipo mu Julayi 2025 Tanzania idaletsa anthu akunja kuchita mabizinesi a mitundu 15, kuphatikizapo masitolo ang'onoang'ono, masaluni ndi kugula mbewu m'minda. Kukaoda zitenje n'kubwera nazo kwanu ndi nkhani ina. Kukakhazika benchi pamsika wawo ndi inanso.

A geni ali ndi windo lachiwiri, la akasitomu, pakuti chidindo cha pasipoti chimaloleza munthu, osati katundu. Sungani malisiti a zonse mwagula ndipo muzionetse kwa a MRA pobwera. Pakati pa Malawi ndi Zambia pali dongosolo la COMESA lochepetsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono a katundu wosaposa madola 2,000, bola katunduyo akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'maikowa ndipo ali pa mndandanda wogwirizana. Tanzania idatuluka mu COMESA mu 2000, kotero musayembekeze kuti za ku Zambia zigwira ntchito chimodzimodzi ku Kasumulu. Za mbewu, funsani musanakweze matumba: mu Epulo 2025 Tanzania idatseka khomo kwa zokolola za ku Malawi pobwezera chiletso chimene boma lathu lidaika pa katundu wina wawo, ndipo ngakhale nkhaniyo idatha patapita masiku ochepa, amene anali pamsewu ndi zowola adataya.

Kaseye ndi malo a mishoni, ndiye si zachilendo kumva za akhristu, masisitere kapena ansembe okonzekera ulendo wa ku Roma. Kumeneko viza imafunika, ndipo pali chodabwitsa chimene chimasokoneza ambiri. Vatican ndi dziko palokha, laling'ono kuposa onse, koma lilibe bwalo la ndege kapena chipata cha alendo. Mumalowamo kuchokera mu mzinda wa Roma. Choncho chimene mumapempha ndi viza ya Schengen, yolowera ku Italy, ndipo kazembe wa Italy amene amaona za Malawi amakhala ku Lusaka. Vizayi imalola masiku osaposa 90 pa masiku 180 alionse, mtengo wake kwa wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira Juni 2024, ndipo amafuna inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa pogona, tikiti yobwerera, ndi pasipoti yotsala ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka. Mungapemphe kudakali miyezi 6, koma osachedwa kuposa masiku 15 ulendo usanafike. Apa m'pamene zidindo za pa Mbilima ndi Kanyala zimabweza phindu: woweruza pempholo amafuna kukhutira kuti mudzabwerera, ndipo pasipoti yodzaza ndi zidindo zolowa ndi kutuluka mu nthawi yake imakuchitirani umboni.

Pobwerera, dinditsaninso mbali zonse ziwiri, ngakhale mwatopa ndipo galimoto ya ku Chitipa ikuliza hutala. Chidindo cholowera chopanda chotulukira chimaoneka ngati mudakali komweko mopitirira masiku. Musananyamuke jambulani pafoni tsamba la chithunzi ndi la chidindo, ndipo kope lina musiye kwa wina kunyumba. Pasipoti ikatayika kunja, yambani kupolisi ya komweko kuti akupatseni kalata, kenako pitani nayo ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ku Dar es Salaam, Lusaka kapena Pretoria, kapena ku ofesi yathu ya ku Johannesburg, kumene angakulembereni chiphaso chapadera chobwererera kumudzi. Chiphaso chimenecho ndi cha ulendo wobwerera basi, ndipo mukafika muyenera kupitanso ku Mzuzu ndi kalata ya apolisi ija kukapempha pasipoti ina.