Thiredo Pampu: Sankhani Yoyenerana ndi Thupi Lanu

Kodi ndi chipangizo chanji?

Thiredo pampu ndi pampu yothiririra mbewu yomwe munthu amapopa popondaponda ndi mapazi. Siifuna mafuta kapena magetsi. Imakoka madzi m'chitsime kapena mumtsinje, bola madziwo asakhale pansi kupitirira mamita 7. Inayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980, komwe zopondera zake zinali za nsungwi, ndipo lero yafala m'madimba ambiri kuno ku Malawi.

Matupi athu ndi osiyana

Mphamvu ya pampuyi imachokera pa kulemera kwa amene akuponda. Bambo wojintcha ndi mayi wochepa thupi sangaponde mofanana. Pampu ikapanda kuyenerana ndi msinkhu wa munthu, mawondo ndi chiuno zimaphwanya, mlimi n'kuweruka dimba lisanathe kuthiriridwa.

Ku Kenya, bungwe la KickStart linaona kuti amayi ambiri sankamasuka kukwera pa zopondera zazitali, choncho pa mapampu ake a MoneyMaker linazitsitsa kuti phazi lisamakwere kwambiri. Linapanganso Hip Pump, yosakwana makilogalamu 5, yomwe munthu amapopa ndi manja akuthandizira ndi chiuno. Mayi atha kuinyamula yekha popita kudimba.

Musanagule

- Pitani pamodzi ndi amene azidzaponda tsiku ndi tsiku, makamaka amayi, kuti aiyese okha.
- Chogwirira chikhale poti muchigwire msana uli chilili, osawerama kapena kunyanyamphira.
- Phazi likwere ndi kutsika popanda bondo kupindika kwambiri, ndipo chitenje chisakole paliponse.

Poponda

- Ngati ndinu wopepuka, sunthirani mapazi kumapeto kwa zopondera, kutali ndi pomwe zamangidwira. Pamenepo pampu imafewa.
- Ngati ndinu wolemera thupi, imani chakufupi ndi pomangirapo kuti phazi lisamayende mtunda wautali.
- Ikani pampu pamalo osalala, pafupi ndi madzi.
- Thirirani m'mamawa kapena madzulo, ndipo muzilandirana musanatope.
- Pampu ikayamba kulimba mwachilendo, onani ngati payipi yatsekeka ndi matope kapena zinyalala.

Alimi anzathu, pampu yabwino ndi yomwe wamkulu aliyense pakhomo angaiponde osavulala. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akuonetseni mitundu yomwe ilipo, ndipo musalipire musanaiponde.