Malamba a Galimoto ndi Mavuto Ake

Galimoto ili ndi malamba a mitundu iwiri. Ena ali mu injini ndipo amazungulitsa zipangizo. Ena ali pamipando ndipo amagwira munthu pakachitika ngozi.

Lamba amene amaoneka munthu akangotsegula boneti, amakaniko amamutchula kuti fan belt. Ndi wa labala ndipo amadutsa pa timawilo tingapo. Injini ikamalira, lambayu amazungulitsa alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire. M'magalimoto ambiri amazungulitsanso pampu ya madzi oziziritsa injini ndi pampu yofewetsa chiwongolero.

Lambayu akakhwefuka amaterereka n'kumalira kuti kwiii, makamaka m'mawa poliza galimoto kapena nyengo ya mvula. Pofuna kumuyesa, injini iyambe yazimitsidwa. Kenako munthu amadina ndi chala chachikulu pakati pa lamba. Akalowa kwambiri kupitirira sentimita imodzi, afunika kukungidwa. Akakhala ndi ming'alu, kapena ulusi ukamaonekera m'mbali, watha ndipo afunika wina.

Madalaivala ena amapaka sopo kapena oyilo pa lamba kuti aleke kulira. Phokoso limathadi kwa kanthawi, koma oyilo amawononga labala ndipo lamba amaterereka kuposa kale. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri amachita zimenezi injini ikulira. Lamba amazungulira mwaliwiro kwambiri moti chala, mkono wa malaya kapena nsonga ya chitenje zikakodwa, munthu sapeza mpata wothawitsa. Ana amene amakonda kusuzumira bambo akamakonza galimoto ayenera kukhala patali.

Lamba akaduka pa ulendo, nyali ya batire imayaka pa dashibodi, chiwongolero chimalemera, ndipo muvi wosonyeza kutentha umakwera. Dalaivala ayenera kuima pambali nthawi yomweyo ndi kuzimitsa injini. Asatsegule chivindikiro cha rediyeta injini isanazizire, chifukwa madzi owira amathovokera kumaso. Kukakamiza galimoto kuti ifike pa siteji yotsatira kumapsereza injini, ndipo ndalama yokonzetsera injini yopsa ingagule malamba ambirimbiri. Woyenda mtunda wautali, monga wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, achita bwino kusunga lamba wina m'galimoto.

Palinso lamba wobisika m'chivindikiro, wotchedwa timing belt. Iyeyu ali ndi mano ndipo amachititsa kuti mavalavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake. Nthawi zambiri amaduka osachenjeza, ndipo m'mainjini ena akaduka mavalavu amapindika. N'chifukwa chake amasinthidwa potengera mtunda. Magalimoto ambiri amafuna watsopano akayenda makilomita pafupifupi 100,000. Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan kawirikawiri amakhala ndi kapepala komata pa injini kosonyeza mtunda umene lambayu anasinthidwira. Ena ali ndi tcheni m'malo mwa lamba.

Lamba wapampando wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno anapangidwa mu 1959 ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden. M'kachipangizo kamene lambayu amalowamo muli sipuling'i imene imamukulunga, komanso kachitsulo kamene kamamugwira akakokedwa mwadzidzidzi. Choncho lamba akakana kutuluka, munthu amubweze pang'ono kenako amukoke pang'onopang'ono.

Lamba akamabwerera mwaulesi, nthawi zambiri vuto limakhala fumbi ndi thukuta. Amakokedwa yense, kutsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, ndipo amasiyidwa kuti aumiretu asanabwezedwe. Jik sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amafooketsa ulusi. Chomangira chikakana kugwira, nthawi zambiri mwalowa nyenyeswa za chakudya kapena kandalama kachitsulo. Chikagwira bwino chimamveka kuti khe. Lamba wongoyalidwa pachifuwa poyandikira apolisi apamsewu sagwira munthu galimoto ikagunda.

Lamba wong'ambika sapita kwa telala, chifukwa msoko wa makina osokera zovala sungapirire kulemera kwa munthu woponyedwa kutsogolo. Amene anagwirapo munthu pa ngozi yaikulu nayenso amasinthidwa ngakhale akuoneka wabwino, pakuti ulusi wake unatamuka kale.