Cakudya ca Anthu a Viking

Anthu ochedwa Viking anacokera ku Norway, Sweden ndi Denmark, ndipo mbiri yao inamveka kuyambira caka ca 793 kufikira 1066. Kwao dzinja la cisanu limakhalitsa, msipu nukwiririka ndi cipale cofewa. Motero cisanu cisanafike anali kupha ziweto zimene analibe udzu wozidyetsa, nawamba nyama yace pa utsi.

Mcere unali wosowa. Ku zisumbu za Lofoten anali kupacika nsomba pa mitengo, kuti mphepo yozizira iziumitse gwa ngati nkhuni. Nsomba zotere siziola msanga, ndipo zinali kamba wabwino pa ulendo wa panyanja.

Cimanga sanacidziwe konse. Akazi anali kuphika phala la barele m'miphika yosema pa mwala wofewa, nafulula mowa wa barele ndi wa uci.