Chifukwa chiyani mawu amang'aluka mukajambula nyimbo? Fizikisi ya preamp

Pa chilumba chathu chino cha Likoma kuimba sitisowa. Makwaya alipo kuyambira kuno ku Yofu mpaka ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chija chinayamba kumangidwa mu 1903. Ena mwa inu mwayamba kujambula nyimbo m'nyumba pogwiritsa ntchito laputopu, maikolofoni ndi kabokosi kotchedwa audio interface. Koma mukamvera zomwe mwajambulazo, mwina mawu amamveka patali ndi kaphokoso ka "sssss", mwinanso amang'aluka ngati sipika yobooka. Nthawi zambiri wolakwa sakhala woimbayo. Vuto limakhala pa kabatani kopotokola kolembedwa kuti gain, komwe kamalamulira preamp ya m'kabokosimo.

Maikolofoni imatulutsa magetsi ochepa zedi

Mukukumbukira electromagnetic induction, eti? Michael Faraday anapeza mu 1831 kuti waya ukamayenda pafupi ndi maginito, mumabadwa magetsi. Maikolofoni ya dynamic imagwira ntchito motero. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, komatidwa ku waya wokulungakulunga amene wazungulira maginito. Mukaimba, mpweya umanjenjemeretsa kachikopako, waya nkumayenda, magetsi nkutuluka.

Koma magetsiwo ndi ochepa. Maikolofoni yotchuka ya Shure SM58 imatulutsa pafupifupi 2 mV mawu akakhala okwera ndithu. Batire la tochi la 1.5 V limaposa pamenepo ka 750. Pamene zipangizo za mu situdiyo zimafuna pafupifupi 1.2 V. Ntchito ya preamp ndi kukulitsa timagetsi timeneti kuti tifike pamenepo.

Tiwerengeko pang'ono

Gain timaiyeza mu ma decibel, mwachidule dB:

gain = 20 × log (V yotuluka ÷ V yolowa)

Kuchoka pa 2 mV kufika pa 1.2 V ndi kuchulukitsa ka 600. Log ya 600 ndi 2.78, tikachulukitsa ndi 20 tipeza pafupifupi 56 dB. Sungani izi pamtima: 6 dB ndi kawiri, 20 dB ndi ka 10, 40 dB ndi ka 100, 60 dB ndi ka 1,000. Ndiye kuti kupotokola batani lija pang'ono chabe kumasintha zambiri.

Zoopsa zilipo ziwiri

Gain ikachepa, mawu amalowa ofooka. Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi kaphokoso kake, chifukwa ma electron sakhazikika, amangoyendayenda ndi kutentha. Mukadzakweza mawuwo pa kompyuta, kaphokosoko kamakwera nawo limodzi.

Gain ikachuluka, zimaipa koposa. Kabokosi kaja kali ndi malire a voltage yomwe kangalandire, ndipo pa mita ya pulogalamu ngati Audacity malirewo ndi 0 dB. Funde la mawu likafuna kupitirira, nsonga zake zimadulidwa nkukhala zafulati. Izi ndiye clipping. Zili ngati kuthira madzi mu ndowa yodzadza kale: otayikawo sabwerera. Mawu otsika mungathe kuwakweza mawa, koma odulidwa nsonga sakonzeka bwino, mumayenera kuitananso oimba onse adzayambirenso.

Kakonzedwe kake

1. Tsitsani gain mpaka pansi musanalumikize chilichonse.

2. Lumikizani maikolofoni ndi waya wa XLR, uja wa mano atatu. Mawaya awiri a mkati mwake amanyamula mawu omwewo motembenuzana. Phokoso lotoledwa m'njira limalowa mofanana mwa onse awiri, ndiye preamp ikachotsera wina kwa mnzake, phokosolo limafafanizika, mawu nkutsala.

3. Ngati maikolofoni yanu ndi ya condenser, dinani batani la 48V mutalumikiza kale. Mtundu umenewu uli ndi capacitor ndi timagetsi tina mkati, choncho sugwira popanda mphamvuyi. Ya dynamic siifuna.

4. Woimba aime pafupifupi masentimita 15 kuchoka pa maikolofoni, ndipo asamasunthesunthe. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi pafupifupi 6 dB.

5. Muuzeni aimbe gawo lomwe amakweza kwambiri, osati kungoti "testing, testing". Anthu amayesa monong'ona koma pa kolasi amakuwa.

6. Kwezani gain pang'onopang'ono mpaka mita izifika pakati pa -12 ndi -6 dB pa mawu okwera kwambiri. Kagetsi kofiira kakayaka, bwezani m'mbuyo basi.

7. Mverani pa mahedifoni, masipika muzimitse. Apo ayi mawu a mu sipika abwereranso mu maikolofoni, nkukulitsidwanso, mpaka kulira kuja kobaya m'makutu. Ngati simukumva bwino, kwezani batani la mahedifoni, gain muisiye.

Preamp siisankha

Imakulitsa chilichonse chomwe maikolofoni yamva: mafunde a m'nyanja, injini ya boti, tambala wa kwa aneba, mphepo ya mwera m'miyezi yozizira. Tsekani mawindo, ndipo pachikani mabulangete kumbuyo kwa woimba kuti mawu asamabwerere kuchokera ku makoma a simenti. Mukamva kung'ung'uza kwa "mmmm", kawirikawiri ndi magetsi a m'nyumba, omwe ku Malawi kuno ndi 230 V pa 50 Hz. Yesani kuzula chaja kuti laputopu iyendere batire, ndipo waya wa maikolofoni mumutalikitse ndi mawaya a magetsi.

Yesani nokha

a. Maikolofoni ikutulutsa 5 mV ndipo gain ili pa 40 dB. Preamp itulutsa voltage yochuluka bwanji?

b. Mita ikufika pa -12 dB woimba ali pa masentimita 20. Akasendera mpaka pa masentimita 5, mita ifika pati, ndipo chichitike ndi chiyani?

Funso lachiwirilo muliganizire bwino, chifukwa ndi lomwe limaononga nyimbo zambiri woimba akatengeka nkuyandikira maikolofoni. Mayankho mulembe m'makope, tidzaonera limodzi m'kalasi.