Phunziro 14: Sitolo yakale ya ku Down Shops

Werengani nkhani iyi.

Mumzinda wa Chipata muli malo ochedwa Down Shops. Kumeneko kuli sitolo ina yakale ya njerwa. Malata ake acita dzimbiri. Pakhonde pake pamakhala nkhalamba ina yosoka zobvala. Masiku onse akaweruka kusukulu, mdzukulu wake wamkazi amabwera kudzamuthandiza kulowetsa ulusi m'singano.

Tsiku lina mtsikanayo anapeza anthu awiri akupima khoma ndi cingwe. Agogo ake anali cete, makina osokera ataima.

"Agogo, kodi anthu awa afuna ciani?" anafunsa.

"Mwini nyumba watsopano ndiye wawatuma. Kapena afuna kuigwetsa," anayankha agogo. "Akaigwetsa, ine ndidzasokera kuti? Khala apa, mdzukulu wanga, ndikuuze za sitolo ino."

Mtsikanayo anakhala pa kampando.

"Ndinafika pano ndili mnyamata. Nthawi imeneyo tauni ino inali kuchedwa Fort Jameson, ndipo dziko lathu linali Northern Rhodesia. Mwini sitolo anali wamalonda wocokera ku India. Anali kugulitsa nsalu, mabulangete, mcere, makasu ndi parafini. Banja lake linali kugona m'zipinda za kuseri. Alimi akagulitsa nshawa ndi fodya, anali kubwera kudzagula nsalu. Akatuluka, anali kuipereka kwa telala pakhonde pano. Telala ameneyo ndiye anandiphunzitsa kusoka."

"Munali kulipira makwacha angati?"

Agogo anaseka. "Iai, kunalibe kwacha. Tinali ndi mapaundi, masheleni ndi makobiri obooka pakati. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968. Dzina la tauni nalonso linasintha, linakhala Chipata."

"Nanga wamalonda uja anapita kuti?"

"Atakalamba anagulitsa sitolo kwa bambo wina wa konkuno. Iye anacotsa nsalu n'kuikamo shuga, sopo, unga ndi saladi. Koma m'zaka za m'ma 1980 katundu anasowa m'dziko. Mashelefu anali mbee! Anthu akamva kuti kwabwera shuga, anali kuima pamzere kuyambira m'mamawa. Mzere unali kudutsa pomwe wakhala iwepo. Bambo uja analephera, ndipo anatseka zitseko. Kwa zaka ziwiri munali makoswe okhaokha."

"Inunso munacoka?"

"Sindinacoke. Zobvala zikasowa, anthu amafuna zigamba. Nchito inalipo."

Agogo anapukuta makina ndi kansalu, napitiriza.

"Kenaka kunabwera salaula. Azimai atatu anacita lendi nyumba ino. Anali kutsegula mabelo a zobvala, anthu n'kumasankha. Ine ndinali kucepetsa mathalauzi ndi kufupikitsa madiresi. Madzulo cipinda ca kuseri cinali kudzaza ndi anyamata oonera vidiyo. Panalinso nthawi ina pamene mpingo wina unali kupempherera momwemo pa Sondo."

Mtsikanayo anayang'ana m'kati. Lero sitoloyo inagawidwa patatu. Kumanzere amameta tsitsi. Pakati amakonza mafoni ndi kutumiza ndalama. Kumanja amagulitsa mbeu ndi feteleza.

Nthawi yomweyo anafika mai wina atanyamula buku. Iye ndiye anali mwini nyumba watsopano. Mtsikanayo anaimirira, nagwada pang'ono.

"Zikomo amai, ndifunseko. Kodi mufuna kugwetsa sitolo ya agogo anga?"

"Iwe mwana, usabvute akuluakulu," anatero agogo.

"Msiyeni afunse, atate," anatero maiyo. "Ndinali kuganiza zogwetsa, koma amisiri akuti makoma akali olimba. Cofunika ni malata atsopano cabe. Kodi inu simundikumbuka? Yunifomu yanga ya giredi 1 munasoka ndinu. Amai anga analibe ndalama zokwanira, ndipo munati adzalipira akakolola."

Agogo anamuyang'anitsitsa, kenaka anaomba m'manja. "Ha! Ndiwe kamtsikana kaja koopa tepi yopimira?"

"Ndine amene. Mudzacokapo masabata atatu, amisiri akhome malata. Akatsiriza, mubwerere pamalo panu."

Anthuwo atapita, agogo anapatsa mdzukulu wao singano. "Lowetsa ulusi, mwana wanga. Citenje ici mwini wake acifuna mawa." Makina anayambanso kulira pakhonde.

Mau atsopano

dzimbiri: zofiira zimene zimadya citsulo cikanyowa
telala: munthu wosoka zobvala
lendi: ndalama yolipira pogwiritsa nchito nyumba ya wina
salaula: zobvala zimene ena anabvalapo kale, zogulitsidwanso
mmisiri: munthu wodziwa nchito ya manja, monga kumanga

Yankhani mafunso awa

1. Kodi dzina lakale la Chipata linali ciani?
2. Chulani zinthu zitatu zimene mwini sitolo woyamba anali kugulitsa.
3. Kodi kwacha ndi ngwee zinayamba m'caka citi?
4. N'cifukwa ciani mwini sitolo waciwiri anatseka zitseko?
5. N'cifukwa ciani agogo anali ndi nkhawa?
6. Muganiza kuti n'cifukwa ciani mai uja analola agogo kubwerera pakhonde?

Zocita

A. Lembani izi motsatana, kuyambira ca kale kufikira ca lero: salaula, mafoni, nsalu ndi mabulangete, shuga ndi sopo.

B. Funsani munthu wamkulu za nyumba ina yakale ya kwanu. Anaimanga ndani? Munali ciani kale? Nanga lero muli ciani? Lembani ziganizo zisanu, ndipo mujambule cithunzi ca nyumbayo.