Tizilombo Tosaoneka ndi Maso m'Munda wa Soya ndi Mtedza

Mlimi akamva mawu akuti "tizilombo" maganizo ake amathamangira ku mankhwala ophera. Komatu m'dothi lodzaza supuni imodzi la m'munda wachonde mumakhala mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri, pamodzi ndi nkhungu zamitundumitundu, ndipo toyambitsa matenda ndi tochepa chabe pakati pa tonseti. Tambiri timaoletsa mapesi ndi manyowa kuti zisanduke chakudya cha mbewu. Ntchito ya mlangizi ndiyo kuthandiza mlimi kusiyanitsa tothandiza ndi toononga, pakuti mitundu yonse iwiri imapezeka m'munda umodzi, ngakhale pa phando limodzi.

Tothandiza todziwika bwino ndi mabakiteriya otchedwa rhizobia. Mu mpweya, magawo 78 mwa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma chomera sichingathe kumugwiritsa ntchito mmene alilimo. Mabakiteriyawa amalowa m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, monga soya, mtedza, khobwe, nandolo ndi nzama, n'kupanga timibulu. M'timibulumo amasandutsa nayitrojeni wa mu mpweya kukhala chakudya cha mbewu, ndipo mbewuyo imawalipira shuga. Hellriegel ndi Wilfarth a ku Germany anaonetsa zimenezi mu 1886, ndipo Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriyawo mu 1888.

Chovuta nchakuti si rhizobia aliyense amene amagwirizana ndi mbewu iliyonse. Khobwe ndi mtedza kawirikawiri zimapeza abwenzi ake m'nthaka zathu zino. Soya ndi mlendo wochokera kum'mawa kwa Asia, ndipo mitundu yake yambiri imafuna bakiteriya wakewake, monga Bradyrhizobium japonicum, amene amasowa m'minda yomwe soya sanalimidwemo. Mtundu wa Magoye wa ku Zambia unatchuka chifukwa chotha kugwirizana ndi rhizobia a m'nthaka momwemo, koma mitundu yambiri yobereka kwambiri imafuna inokulanti, ufa wokhala ndi mabakiteriya amoyo umene amapaka kumbewu asanabzale. Ku Zimbabwe ufawu wakhala ukupangidwa kwa zaka zambiri ku Grasslands, pafupi ndi Marondera.

Apa mpamene ntchito yambiri imaonongekera. Inokulanti si feteleza, ndi chinthu chamoyo. Paketi imene yayenda padenga la basi tsiku lonse, kapena yakhala pawindo la sitolo miyezi ingapo, imaoneka bwinobwino chikhalirecho mabakiteriya anafa kale. Iyenera kusungidwa pozizira, ndipo tsiku lothera mphamvu lionedwe isanagulidwe. Mbewu ipakidwe pamthunzi, ibzalidwe tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi, ndipo isakhudzane ndi feteleza.

Mlangizi sasowa makina kuti adziwe ngati zatheka. Soya akayamba maluwa, akumbe zomera zingapo ndi khasu, osazula ndi manja chifukwa timibulu timathothoka, atsuke mizu, nadule timibulu tingapo pakati. Tofiirira m'kati tikugwira ntchito. Toyera sitikugwira, kapena tikadali tanthete, pamene tobiriwira tatha kale ntchito. Ngati timibulu mulibiretu, afunse za kasungidwe ka inokulanti, ndiponso ngati mlimi anathira feteleza wa nayitrojeni wambiri, pakuti chomera chokhuta sichisamala za mabakiteriya. Nthaka yosowa fosiforasi kapena ya asidi wambiri nayonso imalepheretsa ntchitoyi. Phunziro lotere likachitikira m'munda, mlimi atagwira yekha kampeni, limaposa msonkhano wa tsiku lathunthu.

Mtedza umene umapindula ndi rhizobia kumizu uli ndi mdani wokhala m'nthaka yomweyo. Iyi ndi nkhungu ya Aspergillus flavus, yobweretsa chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika anthu atafufuza imfa ya nkhukundembo zoposa 100,000 ku England mu 1960, zimene zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Amaononga chiwindi, satha ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene mtedza wa m'chigawo chino umakanidwira pa misika ya kunja.

Ngakhale pakati pa nkhungu imeneyi pali kusiyana: mitundu ina ya Aspergillus flavus sipanga poizoni konse. Bungwe la IITA linasankha mitundu yotereyi popanga Aflasafe, amene amamwazidwa m'munda milungu iwiri kapena itatu mbewu isanachite maluwa, kuti nkhungu yosaopsa ilande malo a yoopsayo. Komabe Aflasafe salowa m'malo mwa chisamaliro. Mtedza ubzalidwe ndi mvula yoyamba kuti usakumane ndi ng'amba ukukhwima, ukumbidwe pa nthawi yake, uumitsidwe bwino osakhudza dothi, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda chilekeke.